Nyanja Idabwerera Pamalo Pake Pakale

M'mwezi wa Epulo 2024 anthu a ku Senga Bay adaona madzi akuloŵa m'mahotela ndi m'makomo mwa asodzi, mchenga umene ankayanikapo makoka utamira. Ambiri adati zotere sizidaonekepo. Koma akuluakulu amene adali ndi maso m'chaka cha 1980 adangopukusa mutu, pakuti iwo adaiwonapo nyanja itafika kumtunda kuposa pamenepo.

Mbiri ya nyanja yathuyi njakukwera ndi kutsika. Cha m'ma 1915 madzi adatsika kwambiri kotero kuti mtsinje wa Shire udaleka kutuluka m'nyanja. Pakamwa pake padatsekeka ndi mchenga ndi bango, ndipo zidakhala choncho zaka makumi aŵiri, mpaka cha m'ma 1935, chaka chimene njanji idafika ku Salima. Kuchokera pamenepo madzi adanka nakwera, nafika pa mamita 477 pamwamba pa nyanja yamchere mu 1980, kenaka nkutsikira pa mamita 473 mu 1997. Mamita anai sangadabwitse munthu wa ku mapiri a Dedza, koma pa chigwa chathyathyathya cha Salima ndi mtunda wautali ndithu. Pa malo amene nyanja idasiya anthu adalimapo mpunga, ena adamangapo nyumba za njerwa, ndipo ndi nyumba zimenezi zidayamba kumira mu 2024.

Tsono tisafulumire kunena kuti zonse wachita ndi utsi wa mafakitale. Shire adauma agogo athu asanaone galimoto. Komabe pali chinthu chachilendo chimene makolowo sadakumane nacho, ndipo chili m'mwamba, osati m'madzi.

Mu 1958 Charles Keeling adayamba kuyeza mpweya wa kaboni pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii. Adapeza magawo 315 pa miliyoni iliyonse, pamene mafakitale asanayambe ku Ulaya adali ngati 280. Lero apitirira 420. Mpweya umenewu, wochokera ku malasha, petulo ndi nkhalango zopserera, umafunda dziko ngati bulangeti, kutentha nkumalephera kuthaŵa. Zikutikhudza bwanji ife a m'mbali mwa nyanja? Ambiri timaganiza kuti madzi a m'nyanja amathera mu Shire, koma ochuluka zedi, oposa magawo anai mwa asanu, amauluka ndi dzuŵa ndi mphepo. Motero dziko likatenthera pang'ono, nyanja imamva msanga. Komanso mpweya wotentha umasenza chinyezi chambiri, ndipo ukachitula umachitula pakamodzi. Taziwona ndi namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Chodabwitsa nchakuti m'Malichi 2024, nyanja ikusefukira, Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28. Madzi pakhomo, chimanga chitafota kumunda.

Utsi wa Malaŵi ndi wochepa kwambiri pouyerekeza ndi wa maiko olemera, ndipo Papa Fransisko m'kalata yake ya Laudato Si' ya 2015 adanenetsa kuti amphaŵi ndiwo amalipira ngongole imene sadakongole. Koma tisabisale kumbuyo kwa mau ameneŵa. Mabanja oposa asanu ndi anai mwa khumi kuno kwathu amaphikira nkhuni kapena makala. Utsi wake umayamba wapweteka chifuwa cha mai ndi mwana wakumbuyo usanafike kumitambo. Mitengo ya ku Thuma idatsika pa njinga m'matumba, ndipo mvula ikagwa Linthipe amabwera wofiira ndi dothi la kumtunda, nalithira pamene nsomba zimaswanirana. M'zaka za 2016 ndi 2017 nyanja itatsika, makina a ku Nkula ndi Tedzani adasoŵa madzi, magetsi nkumazima tsiku lathunthu, ndipo a m'tauni adathamangira makala omwewo.

Mu 2021 ku Nanjoka, kufupi ndi boma la Salima, adatsegula malo opangira magetsi a dzuŵa a mamegawati 60. Dzuŵa limene limamwa nyanja tsopano likuthandiza Shire pa ntchito yake. Koma amene nyumba zao zidamira ali ndi funso lapafupi: amangenso pomwepo kapena asunthire kumtunda, kumene malo ali kale ndi eni ake.