Mmene Makina Adaphunzirira Kukayika

M'zaka za m'ma 1920 ku America kudagulitsidwa kagalu koseweretsa ana, dzina lake Radio Rex, kamene kankakhala phee m'kanyumba kake kufikira mwana atakaitana. Koma popeza kankangomva kunjenjemera kwa liwu, osati dzina lenilenilo, kankatumpha ndithu pa phokoso lililonse lofanana nalo, monga galu wosasiyanitsa mbuye wake ndi wapaulendo.

Ngakhale m'chaka cha 1952 akatswiri a ku Bell Labs adapanga Audrey, makina ozindikira manambala kuyambira 0 kufikira 9 pakamwa pa munthu amene adawazoloweza, nthenda ya kagalu kaja sidathe msanga. Pakuti makina ophunzitsidwa mawu owerengeka, akamva chachilendo, amangotola liwu limene layandikirako, nayankha mopanda manyazi. Paja akulu adati safunsa adadya phula.

Mlandu udakula m'chaka cha 1992, pamene kampani ya AT&T idapatsa makina ntchito imene kale ankagwira anthu olumikiza mafoni, yomvera mawu asanu okha, ena mwa iwo collect (kuti foni alipire woilandira) ndi operator (wolumikiza mafoni). Tsono munthu, monga tidziwa tonse, salankhula ngati wowerenga lamulo: wina ayamba ndi chifuwa, wina apepesa kaye, wina mwana akumulirira kumbuyo. Nzeru imene idapezeka, imene ine ndiiyesa yoposa kumva kwenikweniko, ndiyo kuimika mboni ziwiri. Yoyamba ndi chitsanzo cha liwu lofunidwalo. Yachiwiri, imene eni ake adaitcha garbage model, kunena kwake dzala, idaphunzitsidwa zolankhula wamba ndi phokoso. Zonse ziwiri zimayesa chimene chamvekacho, iliyonse nipereka chiwerengero chake, ndipo liwu limakhulupiriridwa pokhapokha mboni yoyamba itaposa inzake ndi muyeso woikika.

Koma muyesowo suikidwa ndi makina ayi. Amauika ndi munthu, ndipo apa mpamene pagona nkhani. Akaukweza kwambiri, wolankhula bwino akanidwa, nabwereza mawu ake kufikira mtima utamupsa. Akautsitsa, chifuwa chisanduka chilolezo, ngongole ya foni nigwera wosalakwa. Chifukwa chake muyeso wa pa ndalama suyenera kulingana ndi wa pa nkhani yopepuka. Ndipo pamene mboni ziwirizo zayandikana kwambiri, osadziwika wopambana, makina adalangizidwa kupempha kuti munthuyo anenenso, kapena kumpereka kwa wolumikiza mafoni amene adali chikhalire pa mpando wake.