MGB: Galimoto Imene Ogula Akutali Anaisintha Nkhope

Pa magalimoto aang'ono aliwiro amene denga lawo lansalu limapindidwira kumbuyo, ndi ochepa amene anafala ngati MGB. Inatuluka mu 1962 m'fakitale ya MG ku Abingdon, tauni ya kumwera kwa Oxford ku England. Zilembo ziwirizo zinachokera ku dzina la Morris Garages.

Mkulu wake, MGA, thupi lake linkakhazikidwa pa chasisi chapadera, ndipo m'malo mwa mawindo munali zotchingira zochotseka. Syd Enever, mkulu wa mainjiniya, ndi Don Hayter, amene anajambula maonekedwe ake, anaumba thupi ndi chasisi kukhala chinthu chimodzi. Motero MGB inafupikirako kunja koma m'kati munakula, ndipo inalandira mawindo opukusa ndi dzanja. Injini yake ya 1798 cc, yokhala ndi makabuleta awiri, inkapereka mphamvu ya 95 horsepower, ndipo liwiro linkapitirira pang'ono makilomita 160 pa ola. Sinali yoposa zonse pothamanga. Chikoka chake chinali mtengo wofikirika ndi injini imene makaniko wamba ankaimasula popanda mantha.

Koma ambiri mwa magalimotowa ankagulitsidwa ku America, ndipo lamulo la wogula ndilo linkamveka ku Abingdon. Mu 1974 mabampa onyezimira anachotsedwa, m'malo mwake munabwera akuda, olemera, opirira kugunda pa liwiro la mamailosi 5 pa ola. Kuti nyale zifike pa msinkhu wolamulidwa, galimoto yonse inakwezedwa ndi inchi imodzi, ndipo inayamba kupendekeka pokhota. Malamulo a utsi nawo anachititsa kuti zopita ku America zitsale ndi kabuleta imodzi, mphamvu n'kutsika kwambiri. Kampani ya British Leyland, imene inali pa mavuto a ndalama, inasankha kuika zigamba pa galimoto yakale m'malo mojambula yatsopano.

Chakudza sichiyimba ng'oma. Mu September 1979 Abingdon inakondwerera zaka 50 za MG m'tauniyo, ndipo chikondwerero chitangotha anthu anauzidwa kuti fakitale itsekedwa. Paundi inali itakwera mphamvu, moti MGB yogulitsidwa ku America inkabweretsa chitayiko. Yomaliza inatuluka mu October 1980, zitapangidwa zoposa 500,000, kuphatikizapo GT ya denga lolimba imene inayamba mu 1965.

Chimene kampani inataya, ochikonda anachitola. Kuyambira 1988 British Motor Heritage inayamba kupanganso matupi atsopano a MGB ndi zikombole zoyambirira zomwe zija, kotero kuti yodyedwa ndi dzimbiri ikhoza kubwerera pamsewu. Ndipo pamsika wa magalimoto akale, ya mabampa onyezimira ndiyo imene ogula amailimbirana.