Mpando wa Maseko Unali Woikiza

Khalani pansi ana inu, muleke zoyankhulira m'mbali. Za Ngwane ndi kuwoloka kwa Zambezi mumazidziwa, sindibwerezanso. Ndiyambira pa Mputa, chifukwa bodza limene mukutola kumsika wa Lizulu layambira pamenepo.

Mfumu Mputa anafera ku Songea mwana wake Chikuse ali wamng'ono. Amene anabweza anthu mpaka kudzakhala ku Domwe ndi Chidyaonga, mbale wake wa Mputa. Ameneyo timamulemekeza, anagwira ntchito yaikulu. Koma mpando anangousunga. Ife Angoni ufumu umatsata bambo, sitilowa wa amalume monga achitira Achewa. Ndiye Chidyaonga atamwalira, mpando ukanapita kuti, kusiya kwa Chikuse mwana wa Mputa? Chifisi, mwana wa Chidyaonga, ndiye anakana. Akuti bambo anga analamula, inenso ndilamula. Kodi ng'ombe yoikiza, ukailera zaka zambiri, imasanduka yako? Ndiyankheni inu anyamata a kusukulu, paja mwati munawerenga.

Chikuse ndi Chifisi anamwalira chaka chimodzi, 1891, mkangano nkutsalira ana awo, Gomani ndi Kachindamoto. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Anakhetsana magazi, abale okhaokha, mpaka Kachindamoto anatsika mapiri kukakhala ku Mtakataka, kufupi ndi nyanja, komwe ansembe anadzamanga mishoni ya Mua mu 1902. Iyeyo ndiye anatsika. Gomani anatsala kumtunda.

Tsono wina adzikweza pano kuti Kachindamoto ali m'boma la Dedza, Gomani ali m'boma la Ntcheu, choncho mipando ndi iwiri yofanana. Malire a boma anawalemba ndi azungu! Ndi omwewo anasiya Domwe ku Mozambique, kuti lero ukaima pamsewu pa Lizulu, tsidya linalo ndi dziko lina, pamene okhalamo ndi abale ako. A DC ndi makhansala ayendetse za misika ndi milatho, koma magazi a Mputa sanalembedwe ku ofesi kwawo.

Ndipo funsani amene anaufera mpandowo. Gomani woyamba azungu anamupha mu 1896 atakana kuwagonjera, manda ake ali pakati pa Dombole ndi Chiole. Mwana wake Philip anakana chitaganya mu 1953, anamuchotsa ufumu ali wodwala, nkumwalira chaka chotsatira. Zotsatira mukuzidziwa, mpaka Inkosi ya Makhosi Gomani yachisanu imene timaiimikira Bayethe ku Nkolimbo.

A ku Mtakataka ndi abale athu, sindikuwanyoza. Mayi Theresa Kachindamoto anachotsa ana ambiri m'maukwati nkuwabwezera kusukulu, dziko lonse linamva. Ine ndikukana za kufanana basi. Njolomole, Kwataine, Ganya, Makwangwala, onsewa amadziwa kumene amaloza nkhope.

Ndipo iwe amene unayambitsa nkhaniyi pamaliro dzana, anthu ali pachisoni, ukawauze amalume ako abwere okha adzandifunse.