Pusi amene anatseka mathithi

Ndili ku yunivesite ndinataya madzulo anayi ndikuyang'ana mathithi pakompyuta. Sewero lake linali Monkey Island 2, lomwe kampani ya LucasArts ya ku America inatulutsa mu 1991, ndipo linandipeza litakalamba kale. Mnyamata amene ndinkamuyendetsa, Guybrush Threepwood, ankayenera kutseka pampu kuti madzi aleke kugwa, njira ya kuseri kwa mathithiwo ioneke. M'thumba mwake munali zinthu zambirimbiri, kuphatikizapo pusi wamoyo. Ndinayesa chilichonse, pusi yekha n'kumusiya. Tsiku lachinayi, chifukwa chosowa pogwira, ndinayesa pusiyo, ndipo Guybrush anamugwira ngati sipanala n'kutseka pampu. Ndinadzamva pambuyo pake kuti ku America kuli sipanala yomwe amaitcha "monkey wrench", ndipo "monkey" ndiye pusi. Chinsinsi chonse chinagona pa dzinalo, limene ine sindinkalidziwa.

Lero ndine womasulira, ndipo ndikakumbukira madzulo aja ndimadzifunsa chimene chinandiletsa kuzimitsa kompyuta. M'sewerolo munalibe mpikisano, munalibe mnzanga womuposa, ngakhale mphoto. Yankho ndinalipeza m'mbiri ya masewera a mtunduwu.

Cha mu 1976, Will Crowther, katswiri wa makompyuta amene ankakondanso kulowa m'mapanga a Mammoth Cave ku Kentucky, analemba sewero lotchedwa Colossal Cave Adventure. Munalibe chithunzi. Kompyuta inkafotokoza malo m'mawu, wosewera n'kulemba mawu amodzi kapena awiri onena zoti achite. Mu 1980, Roberta ndi Ken Williams anawonjezera zithunzi m'sewero lawo la Mystery House, ndipo kampani yawo ndi imene inadzatchuka ndi dzina la Sierra On-Line. Vuto linatsala limodzi: munthu ankatha kudziwa chochita koma n'kulephera kupeza mawu enieni amene kompyuta ikufuna. Mu 1987, Ron Gilbert ndi Gary Winnick anachepetsa vutoli mu Maniac Mansion. Anaika mawu monga "tsegula", "tenga" ndi "patsa" m'munsi mwa sikirini, kuti wosewera angoloza mawu ndi chinthu n'kudina. Ntchito ya zala inachepa, inatsala ya mutu.

Apa ndi pamene pali chikoka choyamba. M'buku nkhani imapitirira kaya wamvetsa kaya sunamvetse. M'masewerawa nkhani imaima chilili mpaka iwe utazindikira kuti fungulo lili kuti, kapena kuti mlonda uja akufuna chiyani. Chitseko chikatseguka umamva kuti nkhaniyo waiyendetsa ndiwe.

Chikoka chachiwiri chinaonekera pa kusiyana kwa makampani awiri aja. Masewera a Sierra ankapha wosewera kawirikawiri, ndipo ankatha kumutsekera njira iye osadziwa. Mu King's Quest V, la mu 1990, umagula payi koyambirira. Ukadya payiyo, sewero limapitirira bwinobwino, mpaka patsogolo kwambiri utakumana ndi chilombo cha m'mapiri ozizira chotchedwa yeti, chomwe chimagonja pokhapokha ukachigenda ndi payi yomweyo kumaso. Gilbert anali atalemba kale nkhani mu 1989 yodzudzula misampha yotereyi, ndipo mu The Secret of Monkey Island, la mu 1990, anachita zimene ankalalikira. Guybrush safa, pokhapokha utamusiya pansi pa madzi kwa mphindi 10, ndipo sungadzitsekere njira. Wosewera ankayesa zinthu mopanda mantha, nthawi zina pongofuna kumva nthabwala imene wolemba anabisa pamenepo.

Amene anakula akuponyerana zilape madzulo akudziwa pangano lake. Umavomera kuvutika chifukwa ukukhulupirira kuti woponyayo ali ndi yankho, ndiponso kuti ukalimva uvomereza kuti linali pamphuno pako. Wosewera amakhala pa pangano lomwelo ndi wolemba amene sanamuonepo. Akuyesa kulowa m'mutu mwa munthu wina.

Panganoli likasungidwa, anthu ankabwera mwaunyinji. Myst, sewero la abale awiri Rand ndi Robyn Miller la mu 1993, limakuika wekha pachilumba cha zii, popanda mfuti, ndipo linakhala sewero la pakompyuta logulidwa kwambiri mpaka The Sims linaliposa mu 2002. Koma chaka chomwecho cha 1993 kunabwera Doom, lowomberana mwaliwiro, ndipo msika unayamba kutembenuka. Masewera a nthano nawonso anadzikumbira dzenje. Mu Gabriel Knight 3, la mu 1999, umamata ubweya wa mphaka pamlomo kuti ukhale ndevu zonamizira munthu amene alibe ndevu, kenako n'kujambula ndevu pachithunzi cha pasipoti yake. Chilape chotere ngakhale atakuuza yankho sukhutira. Mu 2004 LucasArts inaimitsa sewero latsopano la Sam & Max lisanathe, ndipo ambiri anati mtunduwu wafa.

Osewera sanavomereze. Mu 2012, Tim Schafer, mmodzi wa olemba Monkey Island, anapempha madola 400,000 pa Kickstarter kuti apange sewero ngati akale aja. Anthu oposa 87,000 anasonkha madola oposa 3 miliyoni, asanaone n'komwe sewerolo, lomwe linadzatuluka mu 2014 ndi dzina la Broken Age. Analipira chifukwa chokhulupirira wolemba.

N'chimene chinandisunga pa mathithi paja. Kufikira pamenepo sewerolo linali lisanandinamize, choncho ndinkati wolakwa ndine. Koma pa pusi paja wolakwa sindinali ine. Wolemba anaganiza kuti aliyense amalankhula ngati iyeyo, ndipo ife a zilankhulo zina tinatsala kunja kwa pangano. Ndikamamasulira nkhani imene nthabwala yake yagona pa mawu amodzi, ndimakumbukira madzulo anayi aja. Wowerenga wanga nayenso wandikhulupirira kuti zonse zofunika ndamuikira m'thumba, ndipo ndimabwereza chiganizocho kufikira yankho lake litapezeka m'Chichewa.