Kutchaja Kwapang'onopang'ono: Kuchokera ku Madepoti a Mkaka Kufika ku Wedza

Galimoto yoyendera magetsi ndi yakale kuposa mmene ambiri amaganizira, pakuti cha m'ma 1900 inkapikisana ndi ya petulo m'mizinda ya ku America, ndipo inkatchajidwa usiku mwini wake ali m'tulo. Kubwera kwa Ford Model T mu 1908, yomwe inali yotsika mtengo, ndiponso kwa sitata mu 1912, yomwe inathetsa chintchito choliza injini ndi handulo, kunaigwetsa pamsika. Komabe inapulumukira m'tigalimoto togawa mkaka m'makomo ku Britain, tomwe tinkazungulira njira imodzimodzi m'mawa uliwonse n'kubwerera kudepoti kukatchajidwa. Gwero la kutchaja kwapang'onopang'ono lili pamenepa: magetsi amalowa m'batire kwa maola angapo, pa mphamvu yosapitirira makilowati 22, nthawi imene galimoto yaima kale pa zifukwa zina, kusiyana ndi makina otchaja mofulumira a makilowati 50 kapena kuposerapo, omwe amafuna thiransifoma yaikulu ndi ndalama zambiri.

Mfundo imeneyi inafika mochedwa kumidzi ya ku Zimbabwe. M'mapulazi a ku Mashonaland, chigawo cha dzikolo, magetsi anachuluka damu la Kariba litayamba kuwapanga mu 1960, koma nthambo zake zinkalunjika ku mapampu a mthirira, ku mashedi a fodya ndi ku nyumba ya mwini pulazi, pamene m'makomboni ambiri, momwe munkakhala antchito ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique, anthu ankaunikira koloboyi. Minda itagawidwa kuyambira mu 2000, alimi atsopano analandira nthambo zokalamba, ndipo kuba mathiransifoma kunasiya mapulazi ena mumdima. Pofika mu 2019, madzi atachepa ku Kariba, magetsi a kampani ya boma ya ZESA ankathima mpaka maola 18 pa tsiku, uku mizere ya ofuna petulo ikutalika.

Chaka chovutacho ndicho chinasintha mbiriyi. Mu 2019 momwemo kampani ya Mobility for Africa, yomwe anaiyambitsa ndi Shantha Bloemen, inayamba kuyesa njinga zamagetsi za matayala atatu zotchedwa Hamba m'boma la Wedza, ku Mashonaland East. Njingazi zili ndi kangolo kumbuyo konyamula makilogalamu mazana angapo, ndipo zimabwerekedwa kwa timagulu ta amayi olima, omwe amalipira pamwezi. Chofunika kuchimvetsa ndi katchajidwe kake. M'malo moimika njinga tsiku lonse, mayi amafika pa malo otchajira, omwe ali ndi mapanelo a sola, wosamalira malowo amasolola batire lakutha n'kulowetsa lodzaza, ndipo mayiyo amalipira kangachepe n'kupitiriza ulendo ndi matumba ake a feteleza kapena madengu a tomato. Limene limatsala likudikira ndi batire, lomwe limadzaza pang'onopang'ono dzuwa likamawomba. Kutchaja kotereku sikutenthetsa batire kwambiri, choncho limakhalitsa, ndiponso sikudalira Kariba. Ena anganene kuti kusinthanitsa mabatire ndi njira ina, yosiyana ndi kutchaja galimoto itaima, koma maganizo amenewo ndi olakwika, chifukwa mfundo yake ndi ya kudepoti ya mkaka ija, yoti magetsi alowe pa nthawi imene palibe amene akuthamangira. Chasintha n'chakuti masana atenga malo a usiku.

Mbiri yotere ikamalembedwa, ulemu umakonda kupita ku Harare, komwe Vaya, kampani ya gulu la Econet, inalengeza za galimoto zamagetsi zonyamula anthu mu 2020, ngakhalenso ku mgodi wa Arcadia pafupi ndi Goromonzi, womwe Zhejiang Huayou Cobalt inaugula pa madola 422 miliyoni ndipo umatulutsa lithiyamu, mwala wopangira mabatire. Zonsezi n'zazikulu, koma lithiyamuyo amapita ku China, ndipo galimoto za m'tauni sizinatsimikize kanthu za misewu yafumbi. Oyenera ulemu woyamba ndi amayi a ku Wedza, amene anavomera kusonkha ndalama, kugawana masiku ogwiritsa ntchito njinga imodzi ndi kuphunzira kuiyendetsa m'matope.

Zidzukulu za antchito a ku Nyasaland aja, zomwe zambiri zidakali m'makomboni a ku Marondera, Bindura ndi Chinhoyi zopanda malo awoawo, n'zimene zimavutika kwambiri ndi mtunda wa ku chigayo ndi ku chipatala, ndipo denga la shedi ya fodya, lomwe ndi lalikulu kale, likhoza kusenza mapanelo okwanira kudzaza mabatire a pulazi lonse. Ku Malawinso, maesiteti a ku Kasungu ndi ku Mchinji ali ndi madenga otere, kuwonjezapo akabaza a njinga zamoto amene amagula petulo wa m'mabotolo pa mtengo wokwera nthawi iliyonse mafuta akasowa.