Bwalo la ndege la Kenneth Kaunda ndi mbiri ya kufunsa eni dera ku Chongwe

Bwalo la ndege limene tonse timangoti ndi la Lusaka lili m'boma la Chongwe, makilomita pafupifupi 27 kuchokera pakati pa mzinda, m'dziko la Asoli. Asoli akhala kumeneku zaka mazana ambiri, akulima ndi kusula zitsulo, ndipo mpaka lero mfumu yawo yaikulu, Mayi Nkomeshya Mukamambo II, amapempha mvula pa mwambo wa Chakwela Makumbi. Mu 1905 ansembe a Chijezuwiti anatsegula mishoni ya Kasisi, azungu anadula mafamu m'mbali mwa njanji, kenako mu 1935 boma la atsamunda linasamutsa likulu kuchoka ku Livingstone kubwera ku Lusaka. Bwalo loyamba linali m'tauni momwemo, ku Longacres, limene tsopano asilikali a ndege amagwiritsa ntchito.

Bwalo la ku Chongwe linatsegulidwa mu 1967, dziko lili ndi zaka pafupifupi zitatu za ufulu. Inali nthawi ya mantha. Ian Smith analengeza ufulu wa Rhodesia popanda chilolezo cha Britain mu 1965, mafuta a galimoto anasiya kubwera kuchokera kummwera, ndipo kwa miyezi ingapo ndege za ku Britain, Canada ndi America ndi zimene zinkatuta mafuta kubweretsa ku Zambia. Dziko lopanda doko linaona lokha kuti bwalo lalikulu ndi khomo lotulukira. Msewu wonyamukirapo ndege wa mamita pafupifupi 4,000 unayalidwa pamalo pamene panali tchire ndi mafamu. Sindiwaimba mlandu a Kaunda ndi anzawo pa zimenezi. Koma chigamulo chachikulu kuposa zonse, chonena kuti bwalo likhale pati ndipo ndege zizidutsa pamwamba pa yani, chinapangidwa pa nthawi imene kunalibe lamulo lokakamiza boma kuunika za chilengedwe kapena kufunsa oyandikana nawo. Ngakhale ku America lamulo lotere linayamba kugwira ntchito mu 1970, ndipo msonkhano waukulu wa mayiko wokamba za chilengedwe ku Stockholm unachitika mu 1972.

Nyengo imene imandikopa mtima kwambiri m'mbiri imeneyi ndi ya pakati pa 1990 ndi 1997. Mu 1990 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza chilengedwe ndi kuletsa kuipitsa madzi, mpweya ndi nthaka. Mu 1992 bungwe la Environmental Council of Zambia linayamba ntchito. Kenako mu 1997 kunatuluka malamulo aang'ono otchedwa Statutory Instrument No. 28, amene anasintha zinthu kwenikweni. Malamulowa anatchula ntchito zimene sizingayambe popanda lipoti lounika mmene zidzakhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo mabwalo a ndege ali pa mndandandawo pamodzi ndi misewu ikuluikulu, madamu ndi migodi. Mwini ntchito ayenera kulengeza cholinga chake pa wayilesi kapena m'nyuzi m'chinenero chimene anthu a m'deralo akumva, kwa masiku osachepera 15, ndiyeno achite misonkhano ndi anthu okhudzidwawo. Lipoti liyenera kuikidwa poyera kuti wofuna awerenge ndi kupereka maganizo ake boma lisanavomere kapena kukana. Mfundo ya chinenero ija ndimaiona ngati mtima wa lamulo lonselo, chifukwa ikutanthauza kuti mlimi wa ku Kasisi ayenera kuuzidwa m'Chisoli kapena m'Chinyanja kuti fumbi lidzachokera mbali iti ndi kuti magalimoto onyamula miyala adzadutsa pa msewu uti.

Ambiri amati ulemu wa lamuloli upite kwa mabungwe obwereketsa ndalama monga World Bank, amene m'zaka zimenezo anayamba kukana kupereka ngongole popanda lipoti lotere, ndiponso kwa msonkhano wa ku Rio de Janeiro wa mu 1992. Zoona, iwo anakankha. Koma ine ndimati amene anaonetsa tanthauzo lake pamaso pa dziko ndi anthu a m'mbali mwa mtsinje wa Chalimbana, m'boma la Chongwe lomweli. Kumene mtsinjewu umayambira kuli nkhalango yotetezedwa ya Lusaka East, imene anthu amangoti Forest 27. Boma linaichotsa pa mndandanda wa nkhalango zotetezedwa mu 1983. Mitengo inadulidwa, mchenga unakumbidwa, ndipo Chalimbana anayamba kuphwa. Alimi ndi anthu a m'midzi analemba madandaulo, anasayina mayina awo, anakakamira, mpaka mu 1996 boma la a Frederick Chiluba linaibwezeretsa.  Umboni wa anthuwa unali ndowa zopanda madzi ndi madimba ofota. Chaka chimodzi malamulo a 1997 asanatuluke, iwo anali atasonyeza kale kuti chigamulo cholembedwa mu ofesi ku Lusaka chimakafika pa chitsime cha munthu ku Chongwe, ndiponso kuti eni dera akalankhula pamodzi chigamulo chingasinthe. Mu 2011 lamulo latsopano linalowa m'malo mwa la 1990, bungwe lija linasanduka ZEMA, ndipo m'chaka chomwecho a Michael Sata anapatsa bwaloli dzina la Kenneth Kaunda.

Motero ntchito yokulitsa bwalo, imene inayamba mu 2015, inapeza lamulo lili kale m'mabuku, kusiyana ndi 1967. Kampani ya China Jiangxi ndi imene inamanga, ndi ngongole ya madola 360 miliyoni yochokera ku Exim Bank ya ku China. Panamangidwa nyumba yatsopano ya apaulendo yotha kulandira anthu 4 miliyoni pa chaka, nsanja yatsopano yolondolera ndege, malo a katundu, hotela ndi malo ozimitsira moto. Nyumbayo inatsegulidwa mu Ogasiti 2021, dziko litalephera kale kubweza ngongole zina mu Novembala 2020. Nkhani za ngongolezo zinadzaza nyuzi ndi mawayilesi, ndipo za madzi ndi malo zinatsalira m'mbuyo.

Apa ndi pamene ndimaona kuti lamulo la 1997 lili ndi malire. Limaunika ntchito imodzi payokha, ya mwini mmodzi, mkati mwa mpanda wake. Limafunsa za phokoso la ndege, mafuta otayika amene mvula ingakokolere m'ngalande, zinyalala, mbalame zimene zingawombane ndi ndege, ndi maenje amene makontirakitala amasiya akakumba dothi. Zonsezi n'zofunika. Koma bwalo la ndege limakoka mzinda, ndipo zambiri zimene zikusautsa anthu a ku Chongwe zikuchitika kunja kwa mpandawo. Amene wadutsa pa msewu wa Great East kupitirira Chelston waona yekha: kumene kunali mafamu a ng'ombe ndi chimanga tsopano kuli Meanwood, Silverest, Waterfalls ndi mapuloti ena osawerengeka, komanso dera la mafakitale la Lusaka East pafupi ndi bwalo. Puloti iliyonse ikufuna mjigo wake ndi dzenje lake la chimbudzi, nthawi zina zonse ziwiri pa bwalo limodzi laling'ono. Matipa a mchenga amayamba kulira m'bandakucha, akuchokera ku mitsinje, madzi akudontha kumbuyo, akusiya msewu wa m'mudzi uli makwinyamakwinya. Womanga nyumba imodzi salemba lipoti, koma nyumba zikakhala zikwizikwi zimamwa madzi kuposa bwalo lenilenilo.

Madzi a derali ali kale pa mavuto. Mtsinje wa Ngwerere umanyamula madzi oipa ochokera mu Lusaka, mzinda wa anthu oposa 2 miliyoni, n'kukawathira mu mtsinje wa Chongwe. Damu limene tauni ya Chongwe imadalira lakhala likuuma m'zaka za chilala, anthu n'kumadikira madzi a m'mabauza. Pamwamba pa zimenezi, pakati pa 2017 ndi 2019 boma linadulanso zigawo za Forest 27 n'kuzipereka kuti pamangidwe nyumba. Mayi Nkomeshya anakana poyera, ndipo oteteza gwero la Chalimbana anapita kukhoti. Nkhondo imene anthu anapambana mu 1996 inayambiranso, pa nthawi yomwe nyumba yatsopano ya apaulendo inkakwera.

Nkhani ya malo nayo ndi yowawa. Lamulo la malo la 1995 limalola kuti malo a mfumu asanduke a munthu ndi chikalata cha zaka 99, mfumu ndi khonsolo zikavomera. Mtengo wa malo pafupi ndi bwalo ukakwera, wogula amabwera ndi ndalama zooneka zambiri, banja limagulitsa munda, ndipo pakapita zaka zochepa ana ake amakhala alonda pa geti ya nyumba yomangidwa pamene agogo awo ankalima mtedza. Msipu ndi njira zopita ku mtsinje zimatsekedwa ndi mipanda ya njerwa. Palibe amene amalandira chipukutamisozi pa zotere, chifukwa palibe kampani imodzi imene tingailoze chala.

Njira ilipo kale m'lamulo la 2011, limene limati mapulani ndi ndondomeko za boma zokhudza chilengedwe ziziunikidwa zonse pamodzi, osangoti ntchito imodziimodzi. Khonsolo ya Chongwe, ZEMA, kampani ya boma yoyang'anira mabwalo a ndege ndi bungwe la madzi la WARMA, limene kuyambira 2018 limalembetsa mijigo, ayenera kuunika dera lonse kuchokera ku Chelston kufika ku Kasisi, Palabana ndi tauni ya Chongwe, awerenge mijigo, apime madzi a pansi pa nthaka, aike malire a kumene nyumba zisamamangidwe pansi pa njira ya ndege. Misonkhano yake ichitikire m'midzi, m'Chisoli ndi m'Chinyanja, nyakwawa zili pomwepo, ndipo ichitike m'chilimwe, anthu atakolola, pamene aliyense angapite kukaona yekha mmene madzi atsikira mu Chalimbana.