Khasu Likapita ku Koleji

Makolo athu adati mutu umodzi susenza denga. Mwambiwu ndimaukumbukira ndikaona mwana akunyamuka kupita ku koleji.

Kale mnyamata akasankhidwa kukachita maphunziro apamwamba, banja linkataya khasu limodzi kumunda kwa zaka zingapo. Pa mwambo wathu, amalume, omwe ndi eni mbumba, ndiwo ankagulitsa mbuzi kapena mtedza kuti mwana wa mlongo wawo apeze bulangete ndi ndalama ya basi. Zotsalazo linkasenza ndi boma. Yunivesite ya Malawi itatsegulidwa ku Chichiri mu 1965, ophunzira anali 90 okha, ndipo kugona ndi kudya sizinali nkhawa ya makolo. Ifenso ku koleji ya aphunzitsi sitinkadziwa mtengo wa ufa.

Mu 1994 kudabwera pulayimale yaulere. Ana adasefukira m'makalasi, ndipo patapita zaka ambiri a iwo adafika pakhomo la makoleji. Nkhokwe ya boma idachepa, katundu nabwerera pamutu pa makolo. Ndiye mu 2015 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa, kuti akamaliza maphunziro azibweza.

Tsono ngongoleyi ili ngati mbewu yobwereka kwa mnansi. Ukakolola umabweza, kuti wina adzadzale chaka chamawa. Mukayamba ntchito, bwezani ya boma, ndipo amalume aja musawaiwale. Mbumba ikulira nonse: mwana wa mnzako ngwako yemwe.